Moto wa m'Zitsononkho: Kabuku ka Mabanja a ku Northmead ndi Madera Oyandikana Nawo

Aliyense amene anali mu Lusaka m'chaka cha 2024 akukumbukira mmene zinalili. Mvula inakana, madzi m'nyanja ya Kariba anaphwa mpaka makina opukusa magetsi anatsala pang'ono kuima, ndipo pa 29 Febuluwale pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka la chilala. Pofika Seputembala, m'nyumba zambiri magetsi ankangobwera maola atatu pa tsiku, mwinanso pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Ku Northmead, kumene ambiri anazolowera kuphika ndi chitofu cha magetsi, mbaula inatuluka kuseri kwa chitseko n'kukhazikika pakhonde ngati mwini nyumba. Sinalinso ya kukomboni kokha ayi. Ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Chelstone ndi ku Kabwata, m'mawa uliwonse utsi unkafuka chimodzimodzi.

Makala amene timawatchula kuti malasha kuno kutauni samera m'thumba. Amachokera ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Chibombo, ku Mumbwa, atapakiridwa pa njinga ndi pa malole. Chaka chomwecho cha 2024 boma linaimitsa kupereka zilolezo zootchera makala m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji poona mmene nkhalango zikuthera. Koma m'madera omwewo, anthu akatha kukolola ndi kutonola, milu ya zitsononkho ndi makoko a mtedza imangotenthedwa kuseri kwa nkhokwe pofuna kuti pabwalo payere. Kabuku kano kakunena za moto umene ukutayika pa milu imeneyo, ndi mmene banja la m'tauni lingauphikire.

Utsi ndi nkhuni zimene zikuthawa

Tiyambe ndi chinthu chimene mayi aliyense wachionapo. Mukasonkha moto wa nkhuni, lawi silikhala pa nkhuni penipeni, limavina pamwamba pang'ono. Chimene chikuyaka pamenepo si mtengo ayi, koma mpweya umene mtengowo ukutulutsa chifukwa cha kutentha. Mpweyawo ukapeza moto ndi mphepo yokwanira, umasanduka lawi. Ukapanda kupeza, umatuluka ngati utsi, kukulizani misozi ndi kudetsa malata. Choncho utsi uliwonse umene mukuuona ndi nkhuni zimene munagula koma sizinaphike kanthu.

Akatswiri a sayansi amati pyrolysis akamanena za kuwotcha chinthu chouma, monga mtengo, chitsononkho kapena khoko, pamalo pamene mphepo sikulowa mokwanira kuti chipse mpaka phulusa. Kutentha kukafika madigiri 100, madzi amayamba kutuluka ngati nthunzi yoyera. Kuchokera pa madigiri 200 kufika cha m'ma 400, thupi la chomeracho limasweka n'kutulutsa mpweya woyaka pamodzi ndi nthunzi ya phula, ija imachititsa utsi kuoneka wachikasu ndi kununkha mowawa. Kutentha kukapitirira mpaka 500 kapena 600, chotsala chimakhala khala lakuda, lopepuka, lolira ngati galasi mukaligwetsa. Zotuluka zake n'zitatu: mpweya, madzi a phula, ndi makala.

Wootcha makala kuthengo amachita zomwezi akakwirira mitengo ndi dothi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amasunga makala okha, mpweya wonse n'kuusiya upite kumwamba. Mu uvuni wa dothi pamafunika makilogalamu 6 mpaka 10 a mtengo kuti mupeze kilogalamu imodzi ya makala, kutanthauza kuti mphamvu yoposa theka ya mtengowo imathera m'thengo momwemo, thumba lisanakwere n'komwe pa njinga.

M'mayiko ena amasamala kwambiri madzi a phula aja. Ku Hengelo, m'dziko la Netherlands, kuli fakitale yotchedwa Empyro imene inayamba ntchito mu 2015; imatenthetsa utuchi mofulumira, kwa masekondi ochepa chabe, n'kuziziritsa nthunziyo kuti isanduke mafuta oyatsira maboila. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, petulo atasowa ku Ulaya, magalimoto zikwi mazanamazana ankayendera mpweya wa nkhuni. Zimenezo si za pakhomo, tizisiye. Ife tikufuna ziwiri zokha: kuphikira mpweyawo, ndi kusunga makalawo.

Zotola ndi zosiya

Si chilichonse chotsala m'munda chimene muyenera kutenga. Mapesi, masangwe a mtedza ndi masamba a soya ndi chakudya cha nthaka ndi ziweto. Alangizi a Conservation Farming Unit akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mapesi azigonekedwa m'munda kuti aphimbe nthaka, ndipo akunena zoona. Mukawasesa onse kuti mukaotche makala, mwaphika lero koma mwabera munda wa chaka chamawa.

Tengani zimene zachoka kale m'munda ndipo sizibwererako. Zoyamba ndi zitsononkho. N'zolimba, zimauma msanga, zili ndi phulusa lochepa, ndipo mphepo imadutsa bwino pakati pake. Zachiwiri ndi makoko a mtedza, amene amachuluka kwa amalonda osenda mtedza wochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke. Ngakhale makoko a mtedza wa chuku, amene sayenera kupita m'khola la nkhuku kapena nkhumba, pamoto alibe vuto. Palinso mitengo ya nandolo, ya mpendadzuwa ndi ya chinangwa, komanso tinthambi timene mumadula pokonza mpanda wa maluwa kapena potengulira mango ndi mapeyala a pabwalo. M'mayadi a ku Northmead ndi Rhodes Park tinthambi totere timangounjikidwa pageti kudikira lole ya zinyalala.

Utuchi ndi mankhusu a mpunga n'zovuta. N'zosalala kwambiri moti zimatsekereza mphepo, moto n'kuzima. Mankhusu a mpunga alinso ndi phulusa lambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Zimenezi zimafuna chitofu chokhala ndi fani, kapena kuti zipanikizidwe kaye ndi makina. N'zimene imachita kampani ya Emerging Cooking Solutions ya mu Lusaka muno, imene imagulitsa timibulu ta utuchi totchedwa SupaMoto pamodzi ndi zitofu za fani. Amene ali ndi ndalama ndipo alibe nthawi angayambire pamenepo. Mukakatenga zidutswa za matabwa kwa akalipentala a ku Buseko kapena ku Kalingalinga, musatenge zopakidwa penti, zomata ndi guluu, kapena zothiridwa mankhwala a chiswe. Utsi wake ndi poizoni, ndipo makala ake sayenera kulowa m'dimba.

Tsopano mfundo imene imagwetsa anthu ambiri: kuuma. Chitsononkho cha chimanga chootcha chimene mwagula pamsewu n'chachiwisi, sichingayake mpaka chitakhala padzuwa masabata angapo. Chouma bwino chimathyoka ndi phokoso lakuti thyo, sichipindika. Makoko ouma amalira tsekeretsekere mukawafinya. Sonkhanitsani kuyambira Juni mpaka Seputembala, nthawi yotonola, muziike m'matumba, matumbawo muwasanjike pa njerwa kapena pa thandala pansi pa denga. Zikanyowa ndi mvula ya Novembala, chitofu chilichonse chimene tifotokoze pano chidzangokufukizani utsi, ndipo mudzati kabuku kano kananama.

Tinenenso chilungamo za kuchuluka kwake. Pa thumba lililonse la makilogalamu 50 la chimanga chotonola pamatsala zitsononkho zolemera makilogalamu 8 mpaka 10. Wachibale amene wakolola matumba 20 ali ndi zitsononkho zosapitirira makilogalamu 200. Mukaziotcha zonse kukhala makala, mupeza makilogalamu 40 kapena 50 basi, amene banja lalikulu lingathe mwezi usanathe. Koma mukaziphikira mwachindunji m'chitofu chowotcha mpweya, zomwezo zikuphikirani maulendo oposa 150, makala n'kutsalanso. N'chifukwa chake kwa banja la m'tauni tikuika chitofu patsogolo, mgolo wootchera makala pambuyo.

Chitofu cha zitini ziwiri

Chitofu chimenechi chimayatsidwa pamwamba, osati pansi. Ambiri akamva zimenezi amaseka, poti tonse tinakula tikukolezera moto pansi. Mmodzi mwa amene anachiyambitsa ndi Paal Wendelbo wa ku Norway, amene ali mnyamata pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankabisala m'nkhalango, kumene anaphunzira kusonkha moto wosafuka kuti adani asaone pamene ali. Atakula anapanga chitofu chotchedwa Peko Pe, chimene chinagwira ntchito m'misasa ya othawa nkhondo kumpoto kwa Uganda, anthu akuphikira udzu wouma. Thomas Reed wa ku America anatulukiranso njira yomweyo mu 1985. Lero akatswiri amazitchula zitofu zotere ndi zilembo zakuti TLUD.

Chinsinsi chake n'chakuti moto umatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ukusandutsa zitsononkho kukhala makala, pamene mpweya wotuluka umakwera kudutsa m'makala otenthawo, n'kukakumana ndi mphepo yatsopano pakamwa pa chitini. Pamenepo ndi pamene umayaka. Mphepo yolowera pansi iyenera kukhala yochepa, yongokwanira kuti moto usazime. Yolowera pamwamba iyenera kukhala yambiri, kuti utsi wonse upse.

Pezani zitini ziwiri, china cha malita 5, china chachikulu choti chaching'onocho chilowemo n'kutsala mpata wa zala ziwiri kuzungulira. Ngati munali penti, ziwotcheni kaye panja, kutali ndi ana, mpaka pentiyo itatheratu, kenako muzikwechese. Malata onyezimira a denga ndi ndowa zonyezimira musagwiritse ntchito mkati mmene mukhale moto, chifukwa akatentha amatulutsa nthunzi yodwalitsa. Pansi pa chitini chaching'ono boolani mabowo 25 kapena 30 ndi msomali wa mainchi anayi. M'mbali mwake, zala ziwiri kuchokera kukamwa, boolani mzere wa mabowo okulirapo, olowa pensulo, kuzungulira chitini chonse, motalikirana ngati chala chimodzi. Chitini chachikulu chibooleni mabowo akuluakulu m'mbali cha kumunsi, ndipo mkati mwake muikemo timiyala titatu kapena mabawuti oti chaching'ono chikhalepo, chisagunde pansi. Mphepo yokwera mumpata wa pakati pa zitinizo imafika pamwamba itatentha kale, ndiye lawi limakoma.

Chotsala ndi chivundikiro. Dulani chitsulo chopyapyala choti chitseke zitini zonse ziwiri, pakati pake muboole bowo lalikulu ngati theka la kukamwa kwa chitini chaching'ono. Bowo limeneli limasonkhanitsa mpweya ndi mphepo pamodzi. Pamwamba pake imikani kachitini kotsegula mbali zonse, kotalika ngati chikhatho, kakhale chumuni chokoka moto. Poto asakhale pa chumunipo mwachindunji, angatseke moto ndiponso angagwe. Mupangireni mafuwa akeake a njerwa kapena miyendo ya chitsulo, pakhale mpata wa zala ziwiri pakati pa chumuni ndi poto. Ngati zokhomakhoma si mbali yanu, amisiri owotcherera zitsulo a ku Garden, pafupi pomwepa, angakupangireni cha chitsulo chokhuthala mutawafotokozera. Cha zitini chimatha pakapita miyezi ingapo, koma ndi chabwino kuphunzirirapo musanawononge ndalama.

Pophika, dulani zitsononkho m'zidutswa zotalika ngati mfundo ya chala chachikulu kapena kuposerapo pang'ono. Thirani m'chitini chaching'ono mpaka zifike m'munsi mwa mabowo a pamwamba aja, osawatseka. Gwedezani kuti zikhazikike koma musazitsendere. Pamwamba ikani udzu wouma, makoko a chimanga kapena timapepala, muyatse kuti pamwamba ponse pagwire moto mofanana, kenako vundikirani ndi kuika chumuni. Chizolowezi chathu choyatsira mbaula ndi mapulasitiki chisafike pano. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu muona timalawi tikutuluka m'mabowo a m'mbali ngati chitofu cha gasi. Tenthekani poto.

Chitini cha malita 5 chodzaza zitsononkho chimayaka pafupifupi mphindi 20 mpaka 30. Nthawi imeneyo ndi yokwanira tiyi, phala la ana, kapenta, chibwabwa, mazira, ngakhale nsima ya anthu ochepa ngati madzi mwayamba nawo msanga. Moto wake ndi waukali ndipo suchepetseka mosavuta, choncho dulirani tomato ndi anyezi musanayatse. Musamawonjezere zitsononkho zambiri pakati pa kuphika. Mukatero lawi limazima, utsi wachikasu n'kubuka. Zikachitika, yatsani kapepala mukaike pakamwa pa chumuni, utsiwo ugwiranso moto.

Lawi lachikasu likagwa n'kutsala kabuluu kakang'ono pamwamba pa makala ofiira, mpweya watha. Apa musachedwe, chifukwa mukasiya makalawo apsa mpaka phulusa ndipo adya chitini chanu. Chotsani chivundikiro ndi chopanira, mukhuthulire makalawo m'mbaula kuti mupitirize kuphika ndi moto wofatsa, kapena m'chitini china chotseka bwino kuti azime, kapena muwathire madzi ngati ndi opita kudimba. Pa kilogalamu imodzi ya zitsononkho mumatsala makala okwana magalamu 200 kapena kuchepera pang'ono.

Nanga nyemba? Nyemba ndi ziboda ndiye mayeso a chitofu chilichonse, ndipo ichi pachokha chimalephera. Nyikani nyemba m'madzi usiku wonse, muziwiritse pa lawi la zitsononkho, kenako mumalizire pa makala amene atsalawo. Kapena, zitawira bwino kwa mphindi 15 kapena 20, kulungani potoyo ndi bulangete lakale, mumuike m'dengu, mumusiye maola atatu kapena anayi. Zimapsa zokha. Amene amafuna kuphika nthawi yaitali amakhala ndi zitini zamkati ziwiri, china chikamatha n'kulowetsa chinzake.

Mgolo ndi wa kumunda

Pali njira yootchera zitsononkho zambiri nthawi imodzi mu mgolo wa malita 200. Inafalitsidwa kwambiri ndi Amy Smith ndi ophunzira ake a D-Lab pa sukulu ya MIT ku America, amene anayamba kuiyesa ku Haiti ndi zotsalira za nzimbe. Koma tinene mosabisa: mgolo umafuka kwambiri pa mphindi zoyamba, ndipo pakati pa mafulati a ku Northmead, pamene zovala za aneba zili pa chingwe, mudzangodana ndi anthu. Malamulo a mzinda salolanso kutentha zinthu poyera mwachisawawa. Ntchito imeneyi ikachitikire kupuloti kapena kumudzi, kumene zitsononkhozo zili, kutauni kubwere makala okha. Ndi opepukanso kunyamula.

Mgolo umene munali mankhwala a mbewu kapena ena osadziwika musaugwire n'komwe. Umene munali petulo, dizilo kapena mafuta ena umaphulika ukadulidwa ndi galainda. Utsukeni ndi kuudzaza madzi musanayambe kudula. Pamwamba dulani pakamwa papakulu pothirira, musunge chitsulo china chovundikirira. Pansi boolani mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi olowa zala zitatu. Ukhazikeni pa njerwa zitatu pamalo olambula bwino, kutali ndi udzu, nkhokwe ndi nyumba. Mphepo ya mu Ogasiti ndi yosadalirika, choncho chitani m'mamawa kunja kuli bata, madzi ndi fosholo zili pafupi.

Imikani mtengo wonenepa ngati mkono pakati pa mgolo, thirani zitsononkho kuzungulira mpaka udzaze, kenako zulani mtengowo kuti patsale njira ya moto. Yatsirani pansi, m'mabowo aja. Poyamba putuluka utsi woyera wochindikala. Amenewo ndi madzi. Pakapita mphindi 10 kapena kuposerapo utsiwo uyamba kuoneka wachikasu. Ponyani muuni woyaka pakamwa pa mgolo, mutaima chapatali komanso kumbali kumene mphepo ikuchokera. Utsi ugwira moto, lawi lalitali n'kuima pamwamba. Lisiyeni liyake mpaka liyambe kufupika ndi kuyera. Pamenepo vundikirani, chotsani njerwa mothandizana ndi mnzanu pogwiritsa ntchito mtengo, mgolo ukhale pansi, ndipo tsekani m'mphepete monse, pansi ndi pamwamba, ndi dothi kapena mchenga. Pasapezeke potulukira utsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: musatsegule tsiku lomwelo. Makala otentha akalawa mphepo amayakanso, ndipo ena apsereza ngolo ndi matumba chifukwa cha changu.

Mawa lake thyolani chitsononkho chimodzi. Ngati chada mpaka mkati, mwakhoza. Ngati mkati muli mofiirira, munatseka msanga. Zoterozo muziike pansi pa mgolo wotsatira. Ngati phulusa lachuluka, munachedwa kutseka kapena penapake pankalowa mphepo. Mgolo woyamba sutuluka bwino kwa wina aliyense.

Wopanda mgolo angakumbe dzenje looneka ngati mtondo, lotambalala kukamwa ndi lopapatiza pansi. Amasonkha moto pansi pake, ndipo pamwamba pakayamba kuoneka phulusa loyera amathirapo zina zopyapyala, n'kumatero mpaka dzenje lidzaze. Lawi la pamwamba ndi limene limatchinga mphepo kuti isafike pa makala a pansi. Pomaliza amazimitsa ndi madzi ambiri kapena kukwirira ndi dothi. Njirayi inatchuka kuyambira mu 2014 ndi dzina lakuti Kon-Tiki, kuchokera ku Ithaka Institute ya ku Switzerland, ndipo ndi yabwino makamaka pa makala opita m'munda.

Kuumba makala

Makala a zitsononkho angalowe m'mbaula momwe alili, koma ndi opepuka ndipo amanyeka msanga. A makoko a mtedza ndiye amangogwera pansi kudzera m'mabowo. Kuti akhalitse pamoto, aumbeni.

Sinjani makalawo mu mtondo wakale, kapena muwapondeponde ali m'thumba, mutawawaza timadzi kuti fumbi lisabuke, inu mutamanga kansalu pamphuno. Sefani. Fumbi la malasha lotsalira pansi pa thumba, lija timataya, liphatikizeni pomwepo. Kwa ogulitsa makala pamsika limakhala lambiri ndipo n'lotsika mtengo. Phikani phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa: pa makilogalamu 10 a ufa wa makala, ufa wa chinangwa ukhale theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi. Ufa wa chinangwa choipa, chosayenera kudyedwa, umagwira chimodzimodzi. Thirani phalalo likadali lofunda, musakanize mpaka mukafumbata m'manja chikhale chibuma chosamwazika komanso chosadontha madzi. Ena amaonjezera dothi la pachulu pofuna kuti makala achedwe kunyeka. Limathandiza, koma likachuluka moto umafooka ndipo mbaula imadzaza phulusa.

Kuumba ndi manja kumatheka, koma oumbidwa mopanikiza ndi amene amalimba. Tengani paipi yachitsulo yotalika ngati chikhatho, muiimike pa thabwa, mudzazemo, mulowetse mtengo wokwana bwino m'paipimo, mumenye ndi hamala kawiri kapena katatu, kenako mukankhire kunja. Yanikani pa lata kapena pa thandala masiku anayi mpaka sabata, mukuwatembenuza. Wouma bwino ukagwa kuchokera m'chiuno susweka. Amachedwa kugwira moto kuposa malasha a mtengo, choncho yatsirani ndi tizitsononkho touma. Akagwira musamagwedeze mbaula ngati mmene timachitira ndi malasha, chifukwa amafumbutuka.

Makala opita m'nthaka

Makala osinja akathiridwa m'munda amatchedwa biochar. Khala lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tosawerengeka, timene timasunga madzi ndi chakudya cha mbewu, ndipo siliola msanga. Limakhala m'nthaka zaka mazana. Ku Amazon, m'dziko la Brazil, kuli nthaka yakuda yotchedwa terra preta imene anthu akale anaipanga ndi makala ndi zinyalala za pakhomo, ndipo mpaka lero ndi yachonde. Kwathu kuno alimi a kumpoto amene amachita chitemene amadziwa kuti pamene panapsa nthambi mawere amakondwa, ngakhale kuti pamenepo chimagwira ntchito kwambiri ndi phulusa, limene mphamvu yake imatha msanga.

Nkhaniyi inayesedwa m'Zambia momwemuno. Gerard Cornelissen wa ku Norwegian Geotechnical Institute, pamodzi ndi anzake a ku University of Zambia ndi Conservation Farming Unit, anathira makala a zitsononkho ndi a mitengo m'maenje obzalamo chimanga m'malo asanu, pa mlingo wa matani 4 pa hekitala. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013. Pa mchenga woyera wa ku Kaoma, chimanga chinachuluka katatu mpaka kanayi poyerekeza ndi pamene panathiridwa feteleza yekha. Pa dothi lofiira pafupi ndi Lusaka kusinthako kunali kochepa, ndipo m'malo enawo sikunaoneke. Choncho wina akakuuzani kuti makala amachulukitsa zokolola paliponse, mufunseni kuti pa nthaka yanji. Amathandiza kwambiri pa nthaka yamchenga, yowawasa, yosasunga madzi. Mzinda wa Lusaka unakhala pa mwala wa laimu, ndiye phindu limene mungayembekeze m'kadimba ka kuseri kwa nyumba ndi la kusunga chinyezi, makamaka m'matumba ndi m'zidebe zobzalamo repu ndi tomato, zimene zimauma msanga mu Okutobala.

Musathire makala okhaokha m'nthaka. Ali ngati siponji youma: amayamba amwa kaye chakudya chimene chilipo, mbewu n'kuchita chikasu. Asakanizeni ndi manyowa a nkhuku, kompositi, kapena mkodzo wosungunula ndi madzi, muwasiye onyowa pamthunzi masabata awiri kapena kuposerapo. Mlingo wa ku Kaoma uja, ukagawidwa pa maenje a gamphani, ndi pafupifupi magalamu 250 pa dzenje. M'bedi la ndiwo zamasamba, manja awiri kapena atatu odzaza pa phando lililonse ndi pokwanira poyambira. Yesani pa theka la bedi, theka linalo mulisiye, maso anu aweruze.

Mpweya wosaoneka

Chaka chilichonse m'miyezi ya Juni ndi Julayi timamva za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba osadzukanso. Chimawapha ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene makala ofiira amatulutsa ngakhale utsi usakuoneka. Makala oumba amautulutsa. Makala a zitsononkho amautulutsa. Chitofu cha zitini, makamaka lawi likazima, chimautulutsa wambiri zedi. Phikirani panja kapena pakhonde lopita mphepo, osati m'khitchini ya fulati, m'bafa kapena m'galaja. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka ali pafupi ndi moto, mutulutseni panja nthawi yomweyo, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo thamangani naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Bungwe la World Health Organization linanena kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2020, ambiri mwa iwo pang'onopang'ono, kudzera m'matenda a m'chifuwa ndi a mtima.

Chitini cha kunja chimatentha kwambiri ngakhale sichifiira, ndipo n'chopepuka, mwana angachigwetse. Chikhazikeni pa simenti kapena pa dothi losalala, ana akhale kutali mpaka chitazizira.

Amene akuganiza zogulitsa makala oumba adziwe kuti lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo pootcha ndi ponyamula makala a mitengo. Pamsewu, thumba lakuda ndi thumba lakuda basi, wapolisi sangadziwe kuti anu ndi a zitsononkho. Pitani ku ofesi ya Forestry Department ndi ku Lusaka City Council mukafunse musanayambe malonda kapena kunyamula matumba ambiri kuchokera kumudzi.

Inu amayi ndi abambo amene muli ndi achibale olima ku Chongwe, ku Chibombo kapena kwathu kum'mawa, atumizireni uthenga asanayambe kutonola: zitsononkho za chaka chino asazitenthe, aziike m'matumba pouma, ndipo pobweretsa chimanga akwezenso matumba awiri a zimenezo.